Bwanji boma osangotenga ophunzira udokotala ambiri?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Khombedza, m'boma la Salima: "Mwana wanga wamkazi anakhoza MSCE ndi mapointi 9 ndipo mtima wake wonse unali pa udokotala, koma sanasankhidwe. Pomwe ife kuno tikapita kuchipatala timaswera pamzere, dokotala weniweni osamuona. Ngati madokotala akusowa ndipo ana anzeru alipo, chikuvuta n'chiyani kuti boma lizitenga ophunzira ambiri? Kodi ndi ndalama zingati zimene zikukanikazo?"

Mayi, pepani chifukwa cha mwanayo. Mapointi 9 si masewera. Pa mfundo yoti malo achuluke ine ndili kumbali yanu, ndipo funso lanuli ndi lomwe aphungu amafunsa ku Nyumba ya Malamulo, kungoti inu mwalifunsa mosazungulira. Chimene ndikufuna tionere limodzi ndi kumene ndalamazo zimathera. Anthu ambiri akamva zochulukitsa ophunzira amaganiza za madesiki ndi makalasi, pomwe pa zonse zofunika zimenezo ndiye zotchipa.

Dziko lino linachedwa kuyamba kuphunzitsa lokha madokotala. College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, patatha zaka 27 chilandirireni ufulu. Kale lonselo ofuna udokotala ankatumizidwa kunja, ndipo ambiri ankakhazikika komweko. Mu 2021 kolejiyi inaphatikizidwa ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences, imene timangoti KUHeS. Malo akhala akuwonjezeka ndithu kuyerekeza ndi zaka zoyambirira zija, koma anthu nafenso tachuluka: kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni m'dziko muno, ndipo Salima yokha inali ndi anthu pafupifupi 480,000.

Tsono mtengo. Kafukufuku amene Pulofesa Adamson Muula ndi mnzake anatulutsa mu 2007 anawerengetsera kuti kuphunzitsa dokotala mmodzi ku Malawi, kuyambira Sitandade 1 mpaka kumaliza koleji, kunkadya madola a ku America pafupifupi 57,000. Kafukufuku wina wa mu 2011, woona mayiko asanu ndi anayi a kuno ku Africa, anapeza kuti boma linkawononga madola 21,000 pa dokotala mmodzi ku Uganda, ndi 58,700 ku South Africa. Mitengo imeneyi ndi yakale, koma ikupatsani chithunzi. Ndailemba dala m'madola, chifukwa zambiri zimene sukulu ya udokotala imagwiritsa ntchito zimagulidwa kunja: maikulosikopu, mankhwala a mu labu, magolovesi, zidole zophunzirira kubaya ndi kubereketsa, mabuku a pa intaneti olipira chaka ndi chaka. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zonsezi zinakwera tsiku lomwelo, pomwe ndalama imene yunivesite imalandira kuboma imavomerezedwa kamodzi pachaka, m'makwacha.

Tiyerekeze kuti boma lamva pempho lanu ndipo lawonjezera malo 100 pachaka. Chaka choyamba zimaoneka zophweka: ana 100, holo yokulirapo, basi. Koma udokotala ndi zaka zisanu, ndipo wochokera ku Fomu 4 amayamba wachita chaka chokonzekera. Ndiye kuti chaka chachiwiri owonjezerawo ndi 200, chachitatu 300, ndipo pofika chaka chachisanu ndi chimodzi pasukulu pali ana 600 amene kale kunalibe, onse ofuna pogona, madzi, magetsi ndi mphunzitsi. Ndale zathu zimakonda kuwerengera chaka choyamba chokha, chifukwa ndicho chimalengezedwa pamsonkhano. Zaka zisanu zotsatirazo amavutika nazo ndi amene amasunga ndalama pasukulupo.

Zaka ziwiri zoyambirira ana amaphunzira m'kalasi ndi mu labu, ndipo apa mpomwe kuchulukitsa kungatheke mosavuta kwenikweni. Mphunzitsi wofotokoza mmene impso zimagwirira ntchito angathe kulankhula kwa ana 80 kapena 200, bola pakhale chokuzira mawu. Koma ngakhale pamenepa pali chipinda chimodzi chimene sichilola zimenezo. Ophunzira amayenera kudziwa thupi la munthu poligwira ndi manja, ndipo amachita zimenezi pa mitembo. Kagulu kakang'ono kamazungulira tebulo, wina wagwira mpeni, wina akuwerenga buku, enawo akusuzumira kuti aone mtsempha umene akuufunafuna. Mukaika ana 20 pa tebulo limodzi, akumbuyo amangoona misana ya anzawo. Mtembo uliwonse umafuna mankhwala oumitsira, chipinda chozizira ndi magetsi osazima, kutanthauza jenereta ndi dizilo wake. Ndipo mitembo sigulidwa kusitolo. Pachikhalidwe chathu maliro timaika, ndipo banja loti lingapereke thupi la m'bale wawo kusukulu ndi losowa.

Ndalama zenizeni zimayamba kuoneka chaka chachitatu, ana akalowa m'mawodi. Udokotala umaphunziridwa pambali pa bedi la wodwala. Tengani mayi wodwala chibayo, ali chigonere, gadiyani wake wakhala pansi pambali. Dokotala wamkulu wafika ndi ophunzira ake ndipo akufuna aliyense amvere mmene chifuwa cha chibayo chimamvekera. Woyamba amvera, wachiwiri amvera, pofika wachisanu mayiyo watopa ndi kupuma mokoka, ndipo ali ndi ufulu wonse wokana. Gulu likakhala la ana 25, ambiri amatuluka m'wodimo asanamve kanthu, koma m'kaundula alembedwa kuti analipo. Kuchipinda chochirira n'chimodzimodzi. Wophunzira aliyense amayenera kubereketsa amayi angapo pamaso pa womuyang'anira ndi kusainitsa m'buku lake, ndipo m'chipinda chomwecho mulinso ophunzira unamwino ndi uzamba, ndi ophunzira ukiliniko ofesa, onse akudikira mwayi womwewo. Bwererani ku malo 100 aja: m'zaka zitatu za m'mawodi mukhala ana 300 owonjezera. Mukawagawa khumikhumi, ndi magulu 30, ndipo gulu lililonse likufuna dokotala wodziwa woti aziyenda nalo m'mawa uliwonse.

Madokotala 30 amenewo muwatenga kuti? Apa mpamene ndalama zokha zimalephera. Katswiri wa opaleshoni kapena wa matenda a ana amaphunzira zaka zisanu ndi chimodzi zija, kenako internship (kugwira ntchito m'chipatala akuyang'aniridwa), kenako amagwirako ntchito, kenako zaka zina zinayi za ukatswiri. Kuchokera tsiku limene analowa pakoleji zimapitirira zaka 12. Ngakhale Nduna ya Zachuma itabwera ndi thumba lodzadza lero, katswiriyo satuluka chaka chamawa. Chotsala n'kulemba ntchito akatswiri akunja, amene amalipidwa m'madola, kapena kudalira amene amabwera mwachifundo kwa miyezi ingapo. Ndipo akatswiri ochepa amene tili nawo ndi omwewo ali ku fiyeta, ndi omwewo akuona odwala otumizidwa kuchokera kumaboma, kuphatikizapo ochokera kwanu kuno opita ku Kamuzu Central. Ola limene katswiri waima n'kumaphunzitsa ndi ola limene wodwala wina akudikira panja. Mtengo umenewu sulembedwa mu bajeti iliyonse, koma alipo amene amaulipira.

Kuti muone kukula kwake, onani za mano. Dziko lino linayamba kuphunzitsa lokha madokotala a mano mu 2019, mothandizidwa ndi boma la Scotland ndi University of Glasgow. Wophunzira mano amafunika mpando wake wapadera, wokhala ndi magetsi, madzi ndi mpweya, ndipo chiwerengero cha ana chimatsata chiwerengero cha mipandoyo. Kufunika kwa madokotala a mano kunadziwika kalekale, chimene chinkasowa ndi woyambitsa ndi ndalama.

Koma zonse ndanenazi n'zazing'ono poyerekeza ndi zimene zimabwera tsiku la chikondwerero chomaliza maphunziro likadutsa. Womaliza digiri sanakhale dokotala woima payekha. Amayenera kuchita internship ya miyezi 18 m'chipatala chachikulu, akuyang'aniridwa, ndipo Medical Council of Malawi imamulembetsa mokwanira akamaliza imeneyo. Pa nthawiyi amalandira ndalama. Ana 100 pachaka kwa miyezi 18 ndiye kuti nthawi iliyonse pali anthu 150 owonjezera ofuna malipiro ndi owayang'anira, m'zipatala zomwe zija: Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu. Akamaliza akufuna ntchito. Chaka choyamba malipiro 100 atsopano, chaka chachiwiri 200, pakatha zaka khumi 1,000, mwezi uliwonse, kuwonjezapo nyumba ndi penshoni. Kumuphunzitsa dokotala kumatha m'zaka zisanu ndi chimodzi, kumulipira kumatenga zaka 30 kapena kupitirira.

Vuto n'lakuti ndalama zimenezi sizichokera m'thumba limodzi. Yunivesite imadya ku mbali ya maphunziro, wolemba ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo, ndipo wovomereza kuti malipiro atsopano alowe mu bajeti ndi a zachuma. Mbali imodzi ingathe kuchulukitsa ana inzake isanakonzeke. Tinaziona mu 2015, pamene madokotala atsopano pafupifupi 50 anakhala pakhomo miyezi ingapo boma likunena kuti ndalama zowalembera ntchito palibe, uku zipatala zikulira kusowa anthu. Anamwino zawachitikira kangapo. Inu a ku Salima mukudziwa za mpunga wa ku Lifuwu: ukafesa nazale yaikulu pomwe munda wowokera ndi waung'ono, mbande zotsalazo zimakalambira pa nazale pomwepo, mbewu ndi thukuta zapita pachabe. Kusiyana kwake n'kwakuti dokotala sakhala pamodzi. Amapita ku mabungwe, kumene amakagwira ntchito ya muofesi, kapena amawoloka malire kupita ku Lesotho, Botswana, Namibia kapena ku Britain, ndipo madola aja amakapindulira dziko lina.

Pali nthawi ina imene tinachita bwino, ndipo ndi yofunika kuikumbukira. Kuyambira 2004 mpaka 2009 boma linayendetsa ndondomeko yapadera yochulukitsa ogwira ntchito zaumoyo, mothandizidwa ndi boma la Britain ndi Global Fund, ndipo inadya madola pafupifupi 95 miliyoni. Inakulitsa masukulu, koma nthawi yomweyo inawonjezera 52 peresenti pa malipiro a magulu 11 a ogwira ntchito, kuti ophunzitsidwawo akhale. Ogwira ntchito anachoka pa 5,453 kufika pa 8,369. Chinathandiza n'chakuti polowera ndi potulukira panalipiridwa pamodzi. Koma ndalamazo zinali za eni ake. Kwa zaka zambiri ndalama zoposa theka zimene zimagwira ntchito pa zaumoyo m'dziko muno zakhala zikuchokera kwa otithandiza akunja, ndipo amenewa amatha kutseka mpopi: anatero ku bajeti ya boma nkhani ya Cashgate itaphulika mu 2013, ndipo mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake lambiri mwadzidzidzi. Mwana amene mwamutenga chaka chino simungamuuze ali chaka chachitatu kuti wothandiza wachoka, bwerera kumudzi. Lonjezo la ku Abuja la mu 2001, loti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo, zaka zambiri sitilifikira.

Pali chinanso chimene sindikufuna kukubisirani. Ngakhale madokotala atachuluka, sizikutanthauza kuti mudzamupeza ku Khombedza. Amene amanyamula zipatala za m'maboma ndi makiliniko ofesa, othandizira awo ndi anamwino. Opaleshoni zambiri za amayi oyembekezera m'maboma amachita ndi makiliniko ofesa, amene amaphunzira dipuloma ya zaka zitatu ku Malawi College of Health Sciences kapena ku Malamulo, pa mtengo wotsika kwambiri kuyerekeza ndi dokotala. Munthu amene wagwira cholembera cha bajeti amayenera kusankha: ndalama yomweyi ndiphunzitse dokotala mmodzi, kapena makiliniko ofesa ndi azamba angapo? Ine sindigwirizana ndi amene amati madokotala sitikuwafuna kwenikweni, chifukwa kiliniko ofesa nayenso amafuna womuphunzitsa ndi womufunsa zikavuta. Koma dokotala amene wafika pachipatala chopanda wogonetsa odwala, chopanda magazi mu filiji, ambulansi ili pamiyala, ntchito yake imangokhala kulemba kalata yotumizira wodwala ku Lilongwe, imene wina aliyense akanalemba.

Ena amati njira yachidule n'kukweza fizi, kapena kutsegula malo apadera a amene angathe kulipira mtengo wonse. Zoona, fizi imene wophunzira amalipira ku yunivesite ya boma ndi kachigawo chabe ka mtengo weniweni, chotsalacho chimachokera ku misonkho. Malo olipira okha angabweretse ndalama, koma amene angawakwanitse ndi ana a m'tauni a makolo opeza bwino, ndipo mwana ngati wanuyo akhalabe panja, ulendo uno chifukwa cha thumba. Bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira, limene linakhazikitsidwa mu 2015, limathandiza, koma ngongole imabwezedwa ndi munthu amene ali pantchito. Tabwereranso pa nkhani ya malipiro ija.

Pa za mwana wanuyo, mawu awiri. Asaone ngati dipuloma ya ukiliniko ofesa, unamwino, za mankhwala kapena za mu labu n'kugonja, chifukwa pali amene anayambira kumeneko n'kupitiriza maphunziro pambuyo pake. Ndipo wina akabwera n'kukuuzani za sukulu ya udokotala ya kunja yosavuta kulowa, musanagulitse munda kapena ng'ombe, funsani kaye ku Medical Council of Malawi ngati sukuluyo amaivomereza. Ophunzira kunja akabwera amayesedwa kaye asanaloledwe kugwira ntchito, ndipo nawonso amalowa pamzere womwe uja wa internship.

Nanga ndalama zitapezeka, ndingayambire pati? Odwala oti ana aphunzirirepo sakusowa, kungoti ali m'maboma pomwe aphunzitsi ali m'mizinda. KUHeS inaonetsa kale ku Mangochi kuti chipatala cha boma laling'ono chingathe kuphunzitsa: ophunzira amapita kumeneko kukaphunzira zaumoyo wa m'midzi ndi udokotala woona matenda osiyanasiyana a pabanja. Salima ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Lilongwe, ulendo woti katswiri angapite m'mawa n'kubwerako madzulo. Nkhotakota ili ndi chipatala cha boma komanso cha mishoni cha St Anne's. Wophunzira amene wakhala miyezi ingapo m'mbali mwa nyanja muno adzaona malungo aakulu a ana, likodzo, ovulala pangozi za pamsewu wa M5, olumidwa ndi ng'ona, mwinanso kaodzera kufupi ndi nkhalango ya Nkhotakota. Kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, inavuta kwambiri m'maboma a kunyanja. Amene anaphunzira kuthira madzi m'thupi la wodwala kolera mu tenti, usiku, ndi tochi, wadziwa chinthu chimene holo ya mumzinda singamupatse.

Zimenezi si zaulere. Pafunika nyumba zabwino zoti akatswiri awiri kapena atatu avomere kukhalamo ndi mabanja awo, hositelo ya ophunzira, labu yogwira ntchito, posungira magazi, madzi, magetsi odalirika, intaneti ndi minibasi. Ubwino wake ngwakuti kwacha iliyonse yolowa m'zimenezi imayamba kuthandiza odwala tsiku lomwelo, osadikira zaka zisanu ndi chimodzi. Katswiri amene wabwera kudzaphunzitsa adzachitanso opaleshoni imene lero ikutumizidwa ku Lilongwe. Ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, linalangiza mayiko mu 2010 kuti azitenga ana ochokera kumidzi ndi kuwaphunzitsira kufupi ndi kumidzi, chifukwa oterewa ndi amene amavomera kukagwira ntchito kumeneko.

Choncho phungu wa kwanuko akadzabwera n'kunena kuti malo a udokotala achuluka, muombereni m'manja, kenako mumufunse kuti malo a internship mu bajeti yomweyo ndi angati, ndiponso ndi madokotala angati amene avomerezedwa kulembedwa ntchito m'zipatala za maboma chaka chimenecho. Ndikanakhala ine, ndikanayamba kumanga nyumba za akatswiri ku Salima ndi ku Nkhotakota, hositelo pambuyo, kenako n'kumawonjezera malo 20 kapena 30 pachaka, a zachuma atasainira kale kuti gulu lililonse likadzamaliza malipiro ake adzakhalapo.